Sabata imodzi ku London, kusaka nyumba zimene kulibe

Lolemba

Mwana wanga watuluka 6 koloko m'mawa kupita ku shifiti. Wandisiyira khadi ya basi, ambulera ndi malangizo ambirimbiri, ngati akutsanzika mwana wa ku mkaka. "Adadi, mukasochera musachite manyazi, imbani." Ndamuyankha kuti munthu amene wagwira ntchito ya zomangamanga zaka 34 sasochera m'tauni, amangoyendera malo. Sanaseke.

Ndinabwera kudzaona adzukulu, koma adzukuluwo amakhala kusukulu tsiku lonse, ndipo TV ya kuno yanditopetsa. Ndiye ndadzilemba ndekha ntchito. Moyo wanga wonse ndamanga ndi kugumula nyumba za eni ku Blantyre ndi ku Limbe, poyamba ndili mmisiri wa njerwa, kenako folomani. Sabata ino ndikufuna ndione zimene anzathu kuno amachita ndi nyumba zomwe anagumula. Alendo ena amathamangira kunyumba ya mfumu. Ine ndikusaka zimene kulibe.

Ndatsika basi pa London Bridge n'kulowa Borough High Street, kumwera kwa mtsinje wa Thames. Kungoyang'ana, ndi msewu wamba: mabanki, masitolo a khofi, mabasi ofiira. Koma kudzanja lamanzere, ukangoyenda pang'ono, pali mpata wopapatiza wolowa m'kati, wongokwana ngolo imodzi. Kutsogolo pang'ono, mpata wina. Uliwonse uli ndi dzina pakhoma: King's Head Yard, White Hart Yard, George Inn Yard, Talbot Yard, Queen's Head Yard. Awa ndi maina a nyumba za alendo zimene zinandanda pano ngati mano a chipeso. Nyumbazo zinapita, zipata zake zinakana kusamuka.

Mpaka 1750 London Bridge ndiwo unali mlatho wokhawo wolowera pakati pa mzindawu. Wochokera ku Kent, ku Dover, kumadoko a kumwera, aliyense ankadzera msewu uno. Malo oyang'ana kumsewu anali odula, motero puloti iliyonse inali yowonda kumaso, yaitali kumbuyo. Ndipo nyumba ya alendo ya masiku amenewo musaiyerekeze ndi hotela. Inali depoti, resiti hausi, bala, khola la akavalo ndi ofesi ya katundu, zonse pabwalo limodzi. Amene mukukumbukira Wenela nthawi ya mabasi a Stagecoach, mwayandikira. Ndipotu dzina lija, limene ife tinkangoti n'la kampani, ndi dzina la ngolo za akavalo zimene zinkanyamukira m'mabwalo ngati ano, zosintha akavalo pa siteji iliyonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza makondakitala kuti nditsika pa siteji, osadziwa kuti ndikulankhula za akavalo.

Mu Talbot Yard ndapezamo mabini a zinyalala, mnyamata akusuta fodya, ndi chikwangwani chabuluu pakhoma. Basi. Komatu apa ndi pamene panali Tabard, imene mkulu wa amonke a ku Hyde, ku Winchester, anaimanga mu 1307, ndiponso pamene mlembi Geoffrey Chaucer anasonkhanitsira anthu ake a m'buku la Canterbury Tales asanauyambe ulendo wawo wachipembedzo. Moto wa 1676, umene unapsereza nyumba mazanamazana ku Southwark, unaidya. Anaimanganso, dzina linasanduka Talbot, ndipo m'zaka za m'ma 1870 anaigwetsa. White Hart, komwe Jack Cade anaika likulu lake pamene anatsogolera anthu a ku Kent kuukira boma mu 1450, inagwa mu 1889. Queen's Head inali ya mayi ake a John Harvard. Iye anailandira ngati chuma chamasiye, anawolokera ku America mu 1637, chaka chotsatira n'kumwalira, atasiyira kakoleji kena mabuku ake ndi theka la chuma chake. Kakolejiko ndiko yunivesite ya Harvard lero. Ine ndikuti ena mwa makobidi amenewo ankanunkha mowa wa pabwalo lino.

Yotsala ndi George yokha, ndipo nayonso ndi chiduswa. Anaimanganso mu 1677, moto uja utazima. Ndaima pabwalo nthawi yaitali ndikuyang'ana makonde ake awiri amatabwa, lina pamwamba pa linzake, opindika moti utaikapo levulo ingalire. Koma aima zaka pafupifupi 350, pamene ine ndikudziwa makonde a konkire amene sanakwanitse zaka khumi. Kale nyumbayi inazungulira bwalo mbali zitatu. Kampani ya njanji ya Great Northern itaitenga n'kuisandutsa posungira katundu, inagwetsa mbali ziwiri mu 1889. Mbali yotsalayi anaipereka ku National Trust, bungwe losamala malo akale, mu 1937. Wakupha nyumba zonsezi sachita kufunsa: sitima ikumveka kulira pamwamba pa madenga, kuchokera pa siteshoni ya London Bridge imene inatsegulidwa mu 1836.

Ndakhala pabenchi n'kuitanitsa chakumwa. Mtengo wake sindilemba, mayi a kunyumba angawerenge.

Lachiwiri

Usiku akamwini anandionetsa pafoni chithunzi cha pansi pa chipinda cha Aroma, poyalidwa timiyala tamitundumitundu tolukana ngati mkeka, n'kundiuza kuti anapapeza pafupi ndi pomwe ndinali dzulo. Ndalawirira komweko. Malowo ali pakati pa Southwark Street ndi Redcross Way, ndipo amawatcha The Liberty of Southwark. Ndapeza mpanda wautali kuposa ine. Ndasuzumira pakampata, sindinaone choti n'kulembera kumudzi. Timiyalato anatinyamula kale kukatisamalira.

Ndangokhala pakhoma lina n'kumawerenga pafoni. Akatswiri ofukula zakale a bungwe la MOLA analengeza za timiyalati mu February 2022. Chigawo chachikulu n'chotalika mamita opitirira 8, ndipo panali patatha zaka 50 chinthu chachikulu chotere chisanapezeke mu London. Anachiyala chakumapeto kwa zaka za m'ma 100 kapena kumayambiriro kwa zaka za m'ma 200 AD. Akatswiriwo akuganiza kuti chinali chipinda chodyera m'nyumba imene Aroma ankaitcha mansio, kunena kwathu resiti hausi ya boma, yogonamo akuluakulu a boma ndi amtengatenga. Mlatho wa Aroma unali pafupi ndi pomwe pali wa lerowu. Ndiye kuti Tabard isanalotedwe n'komwe, munthu anali atazindikira kale kuti wapaulendo akafika pamlatho madzulo amafuna bedi ndi msuzi.

Koma chandigwira mtima ndi pulasitala. Pamalo omwewa panali nyumba ina imene inagumulidwa chaka cha 200 AD chisanafike. Ogumulawo anagwetsa makoma opakidwa bwino, achikasu, ojambulidwa mbalame, zipatso ndi azeze, n'kukankhira zibuma zonse m'dzenje. Anthu amenewo ndikuwadziwa. Ndi anzanga a pantchito. Dzenje lili pafupi, bwana akufuna malo oyera pofika madzulo, ungavutikirenji? Mu 2025 anaonetsa zimene katswiri wina, Han Li, anachita: anatha miyezi itatu akulumikiza zidutswa masauzande za makoma pafupifupi 20. Pachidutswa china pali mawu a Chilatini akuti FECIT, kutanthauza kuti "anapanga ndi uje". Wopentayo anasaina ntchito yake. Koma pulasitala inathyokera pomwe panali dzina. Ife nafenso tinkalemba maina ndi msomali pasimenti yaiwisi, kuseri kwa masitepe komwe bwana sangaone. Ndaseka ndekha pamsewu, kenako kuseka kunatha.

Funso la folomani: amalipira ndani? Pajatu tsiku lililonse limene makina aima, ndalama zikupsa. Yankho lake lili pafupi pomwepa. Mu 1989 atagwetsa nyumba ina ya maofesi m'mbali mwa mtsinje, anapeza maziko a Rose, bwalo la zisudzo la nthawi ya Shakespeare. Omanga ankafuna kupitiriza, anthu ndi akatswiri a zisudzo anakatchinga pageti, panali phokoso. Mu 1990 boma linatulutsa malangizo otchedwa PPG16: wofuna kumanga ayambe wafufuza zimene zili pansi, ndipo bilu ndi yake. Kuyambira pamenepo ofukula zakale ali ngati kontilakita wina aliyense, zipewa zolimba kumutu, majombo, ndi tsiku loti akhale atachoka. Amalowa wogumula akatuluka, womanga asanalowe. Pakati pa tauni ngati pano alibe khomo lina lolowera. Kuti iwo aone chakale, china chake chiyambe chagwa.

M'zaka za m'ma 1980 tinagumula sitolo ina yakale ya amwenye ku Limbe. Titaswa simenti ya pansi, tinapeza pansi pena, pa njerwa zootcha zoyalidwa chopingasa, ndi maziko oyenda mosiyana ndi a pamwamba. M'ngodya munali mabotolo obiriwira a galasi lochindikala, ndi makobidi aja oboola pakati. Makobidi anyamata anagawana. Mabotolo tinkawaponyera kukhoma popuma masana, kupikisana. Zibuma tipa inakataya. Amene analamula kuti zichoke msanga ndine. Sindinaziganizirepo kwa zaka 40, lero zandipeza pa Redcross Way.

Lachitatu

Mvula ya kuno ilibe ulemu, siyamba ndi mabingu kuti ukonzeke. Ndawoloka mtsinje kupita cha ku tchalitchi cha St Paul's, ndipo ndasochera kawiri. Safunsa anadya phula. Kachitatu ndafunsa bambo wina wosesa mumsewu, wa ku Ghana, amene wandiperekeza mpaka pa Warwick Lane akudabwa kuti mkuluyu akufunako chiyani.

Ndimafuna nyumba ya alendo ya Oxford Arms. Palibe ngakhale chipata. Koma nyumba imeneyi ili ndi mwayi umene zinzake zinalibe. Mu 1875 anthu atamva kuti igwetsedwa, Alfred Marks ndi anzake analemba ntchito ojambula awiri, Alfred ndi John Bool, kuti aijambule isanagwe. Inagwa mu 1876. Zithunzizo anthu anazikonda, ndipo gululo linasanduka bungwe, Society for Photographing Relics of Old London, limene pofika 1886 linali litatulutsa zithunzi 120. Ndaziyang'ana pafoni nditabisala mvula pakhomo la ofesi ina. Makonde otsamira, zovala zoyanikidwa, ngolo yopanda kavalo, denga la St Paul's likusuzumira kumbuyo. Sinalinso nyumba ya alendo, munkakhala anthu osauka a lendi. Zimenezi ndaziona kwathu kambirimbiri: nyumba siifa tsiku limene taigumula. Imayamba yatsika udindo, mwini wake n'kuleka kukonza denga, kenako aliyense n'kuvomereza kuti yanyansa.

Zina ndangozidutsa. Belle Sauvage ya pa Ludgate Hill inachoka mu 1873 kupereka malo kwa njanji. Saracen's Head ya pa Snow Hill inachoka mu 1868 pomanga Holborn Viaduct. Pa St Martin's le Grand pali kachikwangwani konena kuti apa panali Bull and Mouth, yogwetsedwa mu 1888. Pamalo pake panamangidwa maofesi a positi. Malo m'tauni muno anali osowa moti akavalo a Bull and Mouth ankagona m'makola a pansi pa nthaka.

Munthu amene ndamupatsa ulemu lero ndi William Chaplin, mwini wa Swan with Two Necks, imene inali pomwe pano pali Gresham Street. M'zaka za m'ma 1830 anali ndi akavalo ngati 1,800 ndi ngolo 68. Ataona utsi wa sitima sanataye nthawi n'kutukwana. Anagulitsa ngolo zambiri, ndalama n'kuziika mu njanji, mpaka anadzakhala wapampando wa London and South Western Railway. Anzake anatsala akudyetsa akavalo opanda ulendo.

Ndimati ndikathere ku Museum of London, kuti ndikaone ndi maso zimene zinafukulidwa. Ndapeza potseka. Anatseka mu December 2022, akusamukira kumsika wakale wa Smithfield. Nyumba yakeyo, yotsegulidwa mu 1976, nayonso akonza zoigwetsa. Wosunga za ogumulidwa, mawa chili pa iye.

Masokosi anyowa. Mwana wanga wati, "Adadi, ndinakuuzani za nsapato zimenezo." Anandiuzadi.

Lachinayi

Lero ndiye tsiku. Ndatsikira pa Bank, pomwe misewu yambiri imakumana, n'kulowa kamsewu kotchedwa Poultry. Dzinali n'loona, ankagulitsirapo nkhuku. Chapafupi pali Bread Street ndi Milk Street. Msika unatha kalekale, koma mashedi ake akuitanidwabe maina.

Pangodya pali nyumba ya mizeremizere, yofiirira ndi yachikasu, yosongoka ngati mphuno ya sitima ya panyanja. Ndi No 1 Poultry. Pamalopa panali sitolo ya Mappin & Webb, ogulitsa mawotchi ndi ziwiya zasiliva, yomangidwa mu 1870, ya kansanja kozungulira pangodya. Mwini malowo, Peter Palumbo, anatha zaka pafupifupi 30 akulimbana kuti aigwetse pamodzi ndi zoyandikana nazo. Pulani yake yoyamba, nsanja yagalasi ya Mies van der Rohe, boma linaikana mu 1985. Yachiwiri, ya James Stirling, mlandu wake unafika mpaka ku House of Lords, khoti lalikulu la nthawiyo, mu 1991, Palumbo n'kupambana. Mu 1994 nyumba zakalezo zinagwa, zisanu ndi zitatu mwa izo zili pamndandanda wa zotetezedwa ndi boma. Yatsopano inatha mu 1997, Stirling atamwalira kale. Ndiye imvani izi: mu 2016, eni ake atafuna kuisintha, boma linaiika nayonso pamndandanda womwe uja. Kwa ine siyokongola, koma ndayang'ana majointi a miyala yake, ndi ntchito yaukhondo. Pamwamba pa khomo lina anamatapo zithunzi zadothi lootcha zochokera pa imodzi mwa nyumba zogwetsedwazo, ngati munthu wovala chipewa cha amene wamulanda munda.

Mmene anakumbira ndi zimene zandichititsa kugwira pakamwa. Pofuna kusataya nthawi, anathira silabu kaye. Nyumba inkakwera pamwamba, ofukula ali pansi pa silabuyo ngati mfuko, akukumba ndi magetsi, kuyambira 1994 mpaka 1996. M'mbali mwa msewu waukulu wa Aroma anapeza ngalande yamatabwa. Powerenga mizere ya zaka m'thabwalo anapeza kuti mtengo wake unadulidwa mu 47 AD, zaka zinayi Aroma atalowa m'dzikoli. Chaka chobadwa cha London sanachipeze pachipilala cha mfumu. Anachipeza m'ngalande, ntchito imene pa saiti timapatsa mnyamata wobwera kumene. Pamwamba pake panali dothi lofiira lakupsa, la pamene mfumukazi Boudica, poukira Aroma, anatentha tauniyi cha mu 60 kapena 61 AD, ndipo m'phulusalo munali sitolo ndi katundu wake: mbale zochokera ku Gaul (France wa lero), zokometsera ndiwo, mpaka njere za mpiru. Sitolo pansi pa sitolo.

Kungodumpha msewu ndi likulu la ku Ulaya la kampani ya Bloomberg. Apa nkhani yake ndi yogumula kawiri. Mabomba a nkhondo yachiwiri anaphwasula deralo. Mu 1954, asanamange Bucklersbury House, W. F. Grimes ndi Audrey Williams anafukula maziko a nyumba ina, ndipo pa 18 September, tsiku lomaliza, panatuluka mutu wamwala wa mulungu wa Aroma, Mithras, kusonyeza kuti nyumbayo inali kachisi wake. Anthu masauzande anaima pamzere kudzaona. Koma nthawiyo lamulo lija kunalibe, maofesi anayenera kumangidwa basi. Kachisiyo anamuzula n'kukamuyalanso chapafupi mu 1962, pamtunda, molakwikalakwika. Bucklersbury House nayo itagwetsedwa, ofukula anabwerera, n'kutulutsa zinthu zoposa 14,000. Mu 2017 kachisi anabwezedwa pafupi ndi pomwe anali, mamita 7 pansi pa msewu.

Kulowa n'kwaulere. Potsika masitepe, pakhoma analemba pomwe nthaka inkalekezera m'zaka zosiyanasiyana: apa 1666, chaka cha moto waukulu, apa 1066, apa 410, Aroma akuchoka. Mayi wina pambali panga amafunsa mwamuna wake kuti nthaka imakwera bwanji. Ndinafuna kuwayankha. Kutaya zibuma n'kodula, kusalaza n'kotchipa. M'badwo uliwonse umagumula, kusalaza, n'kumanga pamwamba. Mamita 7 amenewo ndi mafolomani a zaka 2,000 akupulumutsa ndalama ya transipoti.

Pansipo amazimitsa magetsi, amatulutsa nkhungu, kumamveka mawu a amuna akuimba m'Chilatini. Ana asukulu anakondwa. Ine ndaona ngati zachuluka zokometsera. Mtima wanga unatsala pamwamba, pakhoma la zinthu 600 zimene asankha kuonetsa: nsapato zachikopa, makiyi, ndi timatabwa tolembapo. Matope a kamtsinje ka Walbrook, kamene tsopano kamayenda pansi pa misewu, ndi onyowa osalowa mpweya, n'chifukwa chake mtengo ndi chikopa sizinaole. Timatabwato anapeza 405, tambiri topala kuchokera ku migolo yakutha. Ankapakapo phula n'kumalemba ndi kachitsulo. Phula linatha, koma pomwe wolemba anakanikiza kwambiri, kachitsuloko kanakanda thabwa. Roger Tomlin wa ku Oxford anawerenga toposa 80.

Mukuganiza analembapo chiyani? Ndakatulo? Ngongole. Kakale kwambiri mwa tokhala ndi deti ndi ka pa 8 January 57 AD: Tibullus akuvomera kuti ali ndi ngongole ya madinari 105 kwa Gratus, ya katundu amene analandira. Imeneyo inali pafupifupi theka la malipiro a msilikali pachaka, ndipo onse awiri anali akapolo omasulidwa. Kena n'kochenjeza munthu wotchedwa Titus kuti anthu akudzitama msika wonse kuti iye wawakongoza ndalama, asamale angaoneke wopusa. Kena, ka pa 21 October 62, ndi mgwirizano wonyamula mitolo 20 ya zakudya kuchokera ku Verulamium (St Albans wa lero) kubwera ku London pofika 13 November. Tauni yangopsa kumene, anthu ayamba kale kukangana za transipoti. Ndikanakhala ndi kope la ngongole la pagolosale ya malemu achimwene anga ku Ndirande, ndikanaliika pambali pake, palibe akanasiyanitsa.

Lachisanu

Bondo lakana. Ndakhala pakhomo, mwendo pampando, ndikusenda mbatata za madzulo.

Ndatumiza zithunzi kwa mnzanga amene tinkagwira limodzi ntchito. Wayankha ndi voisi noti: "Achimwene, mwapita ulendo wonsewo kukajambula mabini?" Kenako tinayamba kuwerengetsa nyumba za mu Blantyre ndi Limbe zimene zinapakidwa nyenyezi yofiira ija ya khonsolo, chizindikiro choti mwini akonze kapena agwetse. Zambiri zinali zoyeneradi kugwa, tisanamizane. Ndinalowamo, ndinaona mitanda yodyedwa ndi chiswe. Mandala House ya 1882 ilipo, aliyense amaidziwa. Koma timasitolo ta makonde a zipilala tija, momwe atelala ankakhala ndi makina awo, tinayesa kukumbukira amene anatijambulapo tisanagwe. Foni inakhala chete mbali zonse ziwiri, mpaka mnzangayo anati mayunitsi akutha.

Loweruka

Mdzukulu wanga wamkulu, wa zaka 11, wapatsidwa ntchito yondiyang'anira. Chichewa chake n'cha "agogo", "zikomo" ndi "ndakhuta", koma njira za sitima ya pansi amazidziwa ngati mizere ya m'dzanja lake.

Wanditengera ku Victoria and Albert Museum. M'chipinda china chachitali, chowala ndi dzuwa lolowera padenga, apachika kumaso kwa nyumba. Kumaso kokha, kwa matabwa a oak akuda, nsanjika ziwiri, mawindo otulukira kunja mokhotakhota, paliponse posemedwa. Inali nyumba ya Sir Paul Pindar, wamalonda wolemera amene anakhalapo kazembe wa England ku Constantinople. Anaimanga cha mu 1600 pa Bishopsgate. Moto wa 1666 sunaifike. Kenako inatsika udindo monga zinzake: anaigawa zipinda za lendi, pansi pake n'kukhala bala yotchedwa dzina la mwini wake. Mu 1890 kampani ya njanji ya Great Eastern, pokuza siteshoni ya Liverpool Street, inaigwetsa, kumasoku n'kupereka ku museum. Ndazungulira kuseri kuti ndione mmene akalipentala analumikizira mitanda. Mwanayo amandikoka malaya, akuti agogo, anthu amaonera kutsogolo. Ndamuuza kuti kutsogolo n'kwa mwini nyumba, kuseri n'kwa mmisiri. Kaya wamva.

Masana takwera sitima mpaka Liverpool Street, n'kuyenda kupita ku nyumba imene iye amaikonda, yonga chipolopolo, imene amaitcha Gherkin. Pamalopa panali Baltic Exchange, msika wa eni sitima zapamadzi ndi eni katundu, yomangidwa mu 1903. Bomba la IRA, gulu lankhondo la ku Ireland, linaiphwanya pa 10 April 1992, n'kupha anthu atatu. Miyala yake anaiphwasula bwinobwino, anaiika manambala, ndipo mu 2006 amalonda a ku Estonia anaigula n'kuitumiza kwawo m'makontena.

Pokonza malowo mu 1995, ofukula anapeza manda a mtsikana wa zaka zapakati pa 13 ndi 17, amene anamwalira pakati pa 350 ndi 400 AD. Anamusunga ku museum zaka 12. Mu April 2007 anamubweza, ndi mwambo wa maliro, n'kumuikanso pomwe anamupeza. Tapeza mawu ake pamwala wokhalapo anthu, kumbali ya Bury Street, m'Chilatini ndi m'Chingerezi. Mnyamata wina anakhala pomwepo akudya sangweji. Ndavula chipewa. Mdzukulu wanga anayang'ana uku ndi uku, kenako naye anavula kapu yake.

Pobwerera m'sitima wandifunsa, m'Chingerezi chake chothamanga, ngati ine ndinapezapo kanthu pokumba. Ndamuuza za mabotolo. Wafunsa kuti ali kuti.

Lamulungu

Titabwera kutchalitchi ndapempha pepala, pensulo ndi rula ya mwanayo. Ndajambula sitolo ya ku Limbe ija mmene ndikuikumbukira: kumaso mafiti 30, khonde la zipilala zinayi, sitolo kutsogolo, zipinda ziwiri kumbuyo. Kenako ndi mizere yodukaduka ndajambula maziko a pansi aja, opingasa, ndi mtanda pangodya pomwe panali mabotolo. Mdzukulu wanga walemba chaka pamwamba ndi dzina langa pansi, akuti ndisaine ngati munthu wa pulasitala uja.

Tatsutsana ndi mnzanga wa voisi noti za khomo la nyumba ya pansiyo. Ine ndikuti linayang'ana kunjanji, iye akuti kumsewu. Mwa anyamata amene anagwira pikisi tsiku limenelo watsala mmodzi, ali kwawo ku Thyolo ndipo alibe foni. Mnzangayo walonjeza kuti akwera minibasi Lachitatu, ndikamutumizira ya transipoti.